A Sakala ndi Timu Yawo Yodwala

Ndikawakumbukira a Sakala, choyamba kundifikira si nkhope yawo ayi, koma fungo la mtedza ukupserera m'chiwaya ndi kulira kwa alamu ya utsi, kachipangizo koyera kaja kamene amakamata kudenga m'mafulati onse a kuno. Tinkakhala ku Silver Spring, kuno ku America, m'nyumba yosanja yakale imene kapeti wake wa pakhonde ankanunkha ndiwo za mayiko onse, ndipo khomo lawo linkayang'anizana ndi lathu. Loweruka lililonse timu ya besibolo ya mzinda uno ikamasewera pakhomo, iwo ankakazinga chalimbana wogula kusitolo ya zakudya za kwathu, wailesi ili pawindo kulongolola Chingerezi, utsi utadzaza chipinda chonse mpaka maso kuwawa, ndipo ntchito yanga inali kukwera pampando ndi thaulo m'manja n'kumakupiza alamuyo kuti isaitane ozimitsa moto.

"Kupizani, achimwene, kupizani! Mufuna atichose mu nyumba ino?"

Ankanditchula achimwene mondigemula, monga amachitira anthu a ku Zambia akaona Mmalawi, ngakhale kuti ine ndinali kamnyamata kongofika kumene kuchokera ku Ndirande ndipo iwo anali ndi imvi kale. Dzina langa ndine Yamikani. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti awiriawiri, choncho masana ambiri ndinkathera kwa a Sakala. Kwawo kunali ku Chipata, anakulira ku Lusaka, ndipo kuno ankayendetsa takisi. Akazi awo anawaika ku Lusaka asanabwere. Mwana anali naye mmodzi yekha, Masauso, wophunzira kwambiri, amene ankagwira ntchito pa imodzi mwa mabanki akuluakulu a mayiko aja a mu tauni ndipo ankabwera kudzaona bambo ake akakumbukira.

Besibolo anaiphunzirira m'galimoto, pa wailesi, akudikira makasitomala. Timuyo inali yachilendo mumzinda, inachita kusamuka kuchokera kwina, ndipo a Sakala anaikonda chifukwa chomwecho. "Nayo ni yobwera monga ise," ankatero. Kusewera ndiye sinkatha. Ndikunena zoona, sinkatha ngakhale pang'ono. Woponya mpira ankaponya ngati akupatsira mnzake lalanje, omenya ankangopekuta mphepo ndi ndodo zawo, ndipo mpira ukakwera m'mwamba anthu awiri ankauthamangira n'kuombana mitu, iwo n'kugwa pakati pawo. Tinkakwera sitima ya Metro ndi mtedza wathu m'jumbo, n'kukakhala kumwamba kwenikweni kwa sitediyamu, kumene mipando yopanda anthu inali yambiri moti ukanatha kugona chotambalala. Anthu a ku Philadelphia ankabwera pa mabasi kudzatizomera pabwalo lathu lomwe. Ine magazi ankawira. A Sakala ankangosenda mtedza.

Masewerowa amakhala ndi ndime zisanu ndi zinayi, ndipo pa ndime yachisanu ndi chiwiri anthu amaimirira, kudziwongola ndi kuimba. Zaka zimenezo akatha kuimba ankangopitirira ulendo wa kukhomo. Tsiku lina la dzuwa loopsa, malaya atamatirira kumsana, timu itamenyedwa moti ngakhale wolengeza anasiya kukweza mawu, nanenso ndinanyamuka.

"Muyenda kuti?"

"Kunyumba. Zatha izi, madala. Tikudikiranji?"

"Sizinasile. Nkhalani pansi."

"Ndiye tizingoonerera manyaziwa mpaka liti? Onani, aliyense akupita!"

"Aliyense ni ndani? Imwe na ine tilipo. Munthu wanu akadwala mumamusiya chifukwa sachira? Nkhalani pansi, achimwene."

Ndinakhala, koma ndikutukwana chamumtima. Anapukusa makoko a mtedza m'manja n'kumawauzira, kenako anayamba kundiuza za maliro a dalaivala mnzawo amene anapitako sabata imeneyo. Anali maliro awo oyamba kuno. Anati anafika kumanda n'kupeza tenti, mipando yovekedwa nsalu, ndi kapeti wobiriwira atavindikira mulu wa dothi ngati dothilo ndi chinthu chochititsa manyazi. Bokosi linali lenjekeke pa malamba pamwamba pa dzenje. Abusa atapemphera, bambo wina wa suti anati mwambo watha, ndipo anthu onse anapita kumagalimoto, bokosi lili pamwamba pompo. Iwo anaganiza kuti sanamve bwino Chingerezi. Anayendetsa takisi yawo pang'ono, n'kuima kuseri kwa mitengo, ndipo anaona kathalakitala kachikasu kakubwera.

"Mashini, achimwene. Inamufosera monga paipi ya manzi. Palibe mbale, palibe nyimbo, palibe olo munthu mmodzi wogwira dothi." Ndinali ndisanawaonepo akuopa chinthu. "Ine nikafa, munipereke kwathu kapena muniike kuno, nilibe nazo nchito. Koma osanisiya pamwamba. Dothi yoyamba ikhale ya manja ya banthu. Masauso namuuza, aseka chabe. Manje nauza imwe."

Ndinali mwana wa sekondale. Ndinati chabwino, chifukwa munthu wamkulu akakuuza zotero umati chabwino. Tinakhala mpaka womenya womaliza atagonja, ogwira ntchito atayamba kale kusesa pansi pa mapazi athu.

Kuchoka pa zaka zonyansazo kufika pa chikho panadutsa zaka khumi, ndipo zonsezo ndinaziona ndili pambali pa a Sakala. Timu inayamba kutola anyamata aluso mmodzimmodzi. Inayamba kupambana masewero amene kale inkaluza mopusa. Kumalo ozungulira sitediyamu, kumene kunali magalaja ndi mipanda ya waya, kunamera nyumba zagalasi ndi mabala. Ndipo anthu anabwera. Ha, anabwera! Anthu amene sankadziwa n'komwe kuti womenya amathamangira mbali iti, atavala majezi ofiira onunkha kusitolo, akujambulana ndi mafoni nsana ataulozetsa kubwalo. Munthu amene dzana ankakuseka mu Metro chifukwa cha chipewa chako lero akukufotokozera iweyo mmene timu yako imasewerera. Ine ndinakanganapo nawo angapo, ndipo mmodzi ndinatsala pang'ono kumuthira mowa wake womwe kumaso. A Sakala ankandikoka malaya. "Alekeni. Wodwala akachira, bakudya naye bamachuluka."

Kuchirako sikunali kophweka. Chaka ndi chaka timu inkafika m'masewero a mu Okutobala, amene amasankha akatswiri, n'kukagwa pakhomo penipeni, nthawi zina itatsogola kale. Atsopano aja ankatuluka akutukwana masewero asanathe. Ife tinkakhala. Nthawiyo n'kuti nditamaliza sukulu, ndikugwira ntchito yokonza mahita ndi makina oziziritsa m'nyumba, ndipo ndinali ine tsopano wowanyamula pa pikapu yanga, chifukwa shuga anawawononga maso n'kuwasiyitsa takisi. Mtedza ankakazingabe, koma ankaupsereza kwambiri chifukwa sankauona.

Pakati pa atsopanowo panali Masauso. Munthu amene ankati besibolo ndi masewero ogonetsa tulo anapezeka ali ndi jezi, chipewa, ngakhale kambendera pagalimoto. Kuntchito kwawo ankapeza malo m'zipinda zija za kuseri kwa galasi, zokhala ndi zakudya ndi mphepo yozizira. Kamodzi kokha anawatenga bambo ake. Anabwerako dzuwa lisanalowe, ndipo ndinadabwa kumva makiyi pakhomo wailesi yanga ikulengezabe masewero. Masauso anawanyamula pa ndime yachisanu ndi chiwiri kuti athawe mzere wa magalimoto. Mkulu wosaona bwino, wodalira mkono wa mwana wake, akanakana bwanji? Anakhala masiku angapo osatsegula wailesi. Atayamba kulankhula anangoti, "Mwaona, achimwene? Uja azanisiya pamwamba."

"Sizichitika, madala."

"Mukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

Chaka chomaliza chinayamba moipa. Katswiri wathu wamkulu anatithawa n'kupita ku Philadelphia komweko, ndipo miyezi yoyamba timu inkaluza ngati masiku akale. Ofiira atsopano aja anayamba kuchepa. Nthawi yomweyo impso za a Sakala zinayamba kukana. Kenako zinthu zinasinthana: timu inayamba kukwera, iwo akutsika. Anagonekedwa m'chipatala, kawailesi kali pa pilo, ndipo ine ndikaweruka ndinkapita ndi zovala zanga za ntchito kukawauza zimene makutu awo anaphonya. Timu inadutsa pakhomo paja pamene inkagwera. Inafika m'masewero omaliza enieni. A Sakala anamwalira masewerowo ali pakati, osadziwa kuti chikho chipita kuti.

Zimenezo zokha zimandiwawa, koma imfa sindingakangane nayo. Amene ndimakangana nawo ndi anthu.

Masauso anakonza zoti maliro adzaikidwe Loweruka, pamanda ena kuno ku Maryland. Ndinapita pasiwa kunyumba kwake, ndinadutsa azimayi akuimba pabalaza, ndinamupeza kukhitchini ali pa foni, ndipo ndinadikira mwaulemu.

"A Masauso, mwawauza a kumanda kuti ife timadikira mpaka bokosi litsike? Amati ukawauziratu amalola. Madala anapempha."

Anandiyankha m'Chingerezi, kenako anatembenuza pang'ono. "Yami, kuno ni ku America. Vonse vakonzedwa kudala. Osadandaula."

"Ndiye mwawauza kapena simunawauze?"

"Nakamba kuti vakonzedwa."

Ndinapita kwa abusa. Anandigwira phewa n'kunena kuti zimenezo tisiyire eni maliro, ine ndi woyandikana nawo nyumba chabe. Chabe! Munthu amene ndinawasambitsa m'chipatala pamene eni maliro anali pa misonkhano! Amayi anandinong'oneza kuti ndisayambitse phokoso pasiwa pa eni, ndipo ndinameza mawu.

Pakati pa sabata yomweyo timu inatenga chikho. Mzinda unapenga. Analengeza kuti paredi, chionetsero cha akatswiriwo m'misewu ya mu tauni, ichitika Loweruka masana. Tsiku lotsatira uthenga unafika pa foni kuti mwambo wa kumanda wasunthidwa, uchitika m'mamawa.

Linali tsiku lozizira koma lowala. Zonse zinali monga a Sakala anandifotokozera kumwamba kwa sitediyamu kuja: tenti, mipando, kapeti wobiriwira, bokosi pa malamba. Kathalakitala ndinakaona kali phee kuseri kwa mitengo. Ndipo pansi pa majasi akuda a anthu, apa ndi apo, pakhosi kapena pamkono, pankasuzumira nsalu yofiira. Abusa anathamanga ndi mawu ngati akuthawa mvula. Tinaimba ndime imodzi yokha ya nyimbo. Aliyense anaika duwa pa bokosi, ndipo bambo wa suti ndi magolovesi oyera anapita kutsogolo n'kunena mofatsa kuti mwambo wathera pamenepa, banja likuthokoza. Anthu anatembenuka. Ena anali atatulutsa kale mafoni kuona ngati Metro yadzaza.

"Mukupita kuti?"

Ndinafuula. Sindinafunse mwaulemu ayi, ndinafuula moti mbalame zinauluka mumtengo.

"Mukupita kuti nonsenu? Munthuyu ali pamwamba! Kwanu ku Chipata mumatero? Ku Lilongwe mumatero? Inu amayi a mvano, mwavala yunifolomu kudzasiya maliro panja ngati katundu wa pa depoti?"

Amayi anga anandigwira mkono. "Yamikani, ukutichititsa manyazi."

"Manyazi ake ndi awa ali apawa, amayi!"

Masauso anabwera mofulumira, akumwetulira kumwetulira kwa mu ofesi, n'kutsitsa mawu. Anati ndikhazike mtima pansi, ogwira ntchito amaliza bwinobwino, ndi ntchito yawo. Anati ana ake anawalonjeza zowatengera ku paredi, ndipo zinthu zotere zimachitika kamodzi pa moyo. Kenako ananena mawu amene mpaka lero sindinawaiwale.

"Iwe uziba mwamene badadi benze kuikondera timu. Sembe bafuna kuti tiyende."

Ulemu wonse unandithera pomwepo.

"Iwe Masauso, usawanamizire bambo ako ali m'bokosi. Anakuuza chimene ankafuna, unaseka. Timu imeneyi waidziwa liti iwe? Pamene inkamenyedwa ngati galu wakuba unali kuti? Bambo akowa anakhala pa dzuwa zaka zonsezo osasiya anthu achilendo amene sankawadziwa n'komwe dzina, ndiye iwe ukulephera kuwadikira kuti atsike m'dzenje?"

Ndinamugwira jasi pachifuwa. Batani linaduka, jasi linatseguka, ndipo jezi yofiira inaonekera yonse pamwamba pa shati yoyera ndi tayi. Anthu awiri anandikoka. Iye anakonza jasi lake, anayang'ana bokosi, anayang'ana galimoto mmene ana ake anali atakhala kale, n'kunena kuti sakangana nane pamanda pa bambo ake. Anapita. Abusa anapita. Magalimoto anatuluka pa geti motsatizana, mwaulemu, magetsi ali oyaka.

Tinatsala atatu: ine, amayi, ndi mkulu wina wa ku Ethiopia amene ankayendetsa takisi limodzi ndi a Sakala. Chichewa sankamva, koma anakhala pampando n'kuvula chipewa, ndipo sanasunthe.

Ogwira ntchito pamandapo anabwera n'kutiuza kuti tikaime kumsewu. Ndinakana. Anaitana wamkulu wawo, ndipo tinakangana mpaka mawu anga anasasa. Iye anati banja silinapemphe zoonerera, ine ndinati banja lapita ku paredi, amene mukuwaonawa ndiwo atsala. Pomaliza anagwedeza mutu n'kulola kuti tiime pafupi. Bokosi linatsika. Kathalakitala kanabweretsa chivundikiro cha simenti n'kuchiika pamwamba pake. Nditapempha fosholo anati sangapereke chida kwa mlendo, malamulo salola.

Ndinakoka kapeti wobiriwira uja n'kumuponya kumbali. Dothi lake linali katondo wofiira, wozizira, wa mabuma olimba ngati njerwa. Ndinagwada ndi suti yanga yokhayo n'kuyamba kukumba ndi manja. Ndinaponya buma loyamba, linagunda simenti n'kumveka mpaka m'mano. Amayi, omwe aja ankati ndikuwachititsa manyazi, anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, anachiyala pansi, n'kuyamba kukokeramo dothi. Tikadzaza, ine ndi mkulu wa ku Ethiopia tinkagwira mbali ziwiri n'kukakhuthula. Amayi anayamba nyimbo imene abusa anaidula ija, ndipo anaiimba yonse, ndime zake zonse, okha, mawu akuthawathawa chifukwa cha kuzizira. Zikhadabo zanga zinathyoka. Ogwira ntchito aja anangoima, woyendetsa kathalakitala atazimitsa injini.

Sindinama kuti tinadzaza dzenjelo. Manja a anthu atatu otopa sangadzaze manda. Tinafotsera mpaka simenti yonse inabisika, mpaka paliponse pamene maso ankaona panali dothi loponyedwa ndi munthu. Chotsalacho anamaliza ndi makina, ife titaima pomwepo, mpaka anasalaza n'kuika nkhata pamwamba. Pobwerera tinakumana ndi magalimoto a mbendera zofiira akuliza mahutala. Amayi anafungatira chitenje chamatope pamiyendo njira yonse.

Paredi sindinaione, ngakhale pa kanema sindinafune kuionera. Ndinaidikira zaka khumi ndipo anandidetsera.

Lero timu ija yabwerera pansi. Akatswiri aja anabalalika, mipando ya kumwamba ilinso mbee, ndipo majezi ofiira ali m'mabokosi m'magalaja a anthu. Ndimapitabe. Kutchalitchi amanditcha wovuta, ena amati ndili ndi mtima wa chimbalangondo, ndipo sindikana. Kumbuyo kwa pikapu yanga, pakati pa mapaipi ndi zida za ntchito, kumakhala mafosholo anga ndekha, amene ndinagula Lolemba lotsatira maliro aja. Munthu wa kwathu akamwalira ku Maryland kapena ku Virginia, kaya ndimamudziwa kaya ayi, ndimaimbira eni maliro n'kuwafunsa ngati awauza a kumanda. Ena amakwiya. Ambiri amati sankadziwa kuti n'zotheka.

Chaka chatha tinkaika mkulu wina wa ku Kasungu amene ankakhala ku College Park. Bokosi litatsika ndinatsitsa mafosholo, anyamata n'kuyamba kulandirana. Nditatembenuka ndinaona Masauso ataima kumbuyo kwanga, imvi zitayamba, manja ali m'matumba. Chichitikireni zija tinali tisanalankhulane.

"Yami," anatero. "Nipaseko."

Ndinamupatsa. Anavula jasi, napinda manja a shati, nayamba kuponya dothi mwamphamvu, osapumira, thukuta lili chuchuchu, ndipo mnyamata wina atafuna kumulandira anakana. Ndinaima n'kumamuyang'ana akufotsera bambo a munthu wina. Anthu ankati tsopano tigwirana chanza. Atamaliza ndinalandira fosholo yanga, ndinaigogoda pa tayala kuti dothi ligwe, n'kuiponya m'galimoto.